Timizere ta Che Likaka

Kashopu kanga kali kuseri kwa msika wa Zomba,
pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa mayunitsi.
Ndimatayipa makalata ofunsira ntchito,
mapulogalamu a maliro, mwa apo ndi apo a ukwati.
Lachiwiri lija, mvula itangokata,
Che Likaka analowa, ambulera ili pamkono,
maenvulopu atatu m'thumba la jekete,
ndi kapepala kopindapinda ka malangizo a mwana wawo.

"Akuti kumene aliko, keyala sawerenga ndi munthu.
Amawerenga ndi makina.
Akuti muikepo manambala awa, ndi timizere take."

Kompyuta inazengereza kudzuka
ngati minibasi ya ku Jali yodikira munthu mmodzi.
Ndinalemba: Asiyatu Likaka,
kenako msewu wa dzina lopinda lilime,
manambala asanu ndi anayi,
n'kudina pa kabokosi.
Pamwamba pa dzinalo panamera timizere,
tina tatitali, tina tatifupi,
ngati paini wa paphiri paja
anyamata a macheka atadutsamo usiku.

Envulopu yoyamba pulinta inaitafuna.
Ndinaisolola ili makwinya okhaokha.
Yachiwiri ndinailowetsa chozondotsa,
Asiyatu anatulukira kumbuyo, pomatira,
miyendo ili m'mwamba.
Che Likaka sanaseke.
"Yatsala imodzi, mwanangu.
Inali ndalama ya sopo imeneyo."

Ndinayesera kaye pa pepala wamba,
n'kulisanjika pa envulopu, n'kuunika pawindo
monga achitira ndi ndalama yokayikitsa.
Magetsi anaphethira.
Tonse awiri tinayang'ana babu, osapuma.
Sanathime.
Yachitatu inatuluka yofunda
ngati dzira loikira kumene.

Anavala magalasi omanga ndi ulusi.
"Ine ndinali mesenjala zaka makumi atatu.
Keyala yathu inali ya pakamwa:
oloka Likangala, pitirira mjigo,
ukaona mbuzi yothyoka nyanga, funsa pomwepo.
Kalata sinanditayikepo, ngakhale imodzi.
Nanga mphini izi zikuti bwanji?"

Zikuti mzinda, ndinatero, msewu, khomo.
"Basi?"
Basi.
"Sizikunena kuti mayi ake anagwa kubafa?
Kuti denga la khitchini linapita ndi mphepo?"
Zimenezo zili m'kati, bambo.
Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.
"Ndiye makinawo ndi oleredwa bwino.
Sasuzumira za eni."

Anayamba kuwerenga timizereto ndi chikhadabo,
m'malere, kuopa kufufuta inki.
Pakati anasokoneza, n'kuyambiranso.
Panja wina amakangana ndi wosoka nsapato
za chidendene chomwe chinamatuka tsiku lomwelo.
"Makumi asanu ndi tiwiri," anatero pomaliza.
"Masabata a chaka chathunthu.
Iyeyo wamaliza mizere inayi yotere
asanaponde pa Matawale."

Ndinasowa choyankha.
Ndinawatchula mtengo wa envulopu imodzi yokha.

Anabwereka bolopeni yanga,
natembenuza envulopu ija,
ndipo pakona, kutali ndi timizere,
analemba dzina lawo mwa zilembo zopendekera,
L wake wamchira ngati wa m'kaundula wakale.
"Makina awerenge zawo kutsogoloko.
Uku akaona yekha
kuti dzanjali likadagwira."

Mvula inayambiranso.
Anaibisa m'kati mwa shati, pachifuwa,
natsika masitepe cham'mbali, bondo likuvuta,
kulunjika ku positi ofesi asanatseke.

Ija yotafunidwa ndikadali nayo m'dirowa,
pamodzi ndi mastepulo ndi malisiti.
Timizere take tinapindika pakati,
palibe makina angatiwerenge.
Fayilo ndinaisunga, ndinaitcha likaka3.
Anati abweranso mwezi ukatha,
penshoni ikalowa,
kaya yankho lafika, kaya ayi.